Limu ya agogo a Yelemiya

Mpaka lero ndikagwira chitsulo cha dzimbiri, fungo lake limandibwezera kwa agogo anga aamuna, a Yelemiya, m'mawa wa Lamulungu ku Area 10, fumbi lofiira la makatapila olambula misewu lisanadzuke, iwo ataima pansi pa mtengo wa msuku ndi jekete yawo yothothoka m'khosi, akumenya limu ya lole ndi bawuti. Ngwee! Ngwee! Kulira kwake kunkalumpha mipanda ya nyumba zatsopano zonunkha penti, agalu a mabwana n'kuyamba kuuwa.

Limuyo inali belu la tchalitchi cha kumudzi kwathu. Likulu la dziko likusamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, mudzi wathu unapezeka kuti uli pomwe pankafunika nyumba za akuluakulu. Anthu anakwera malole kupita kumalo atsopano, katchalitchi kathu ka udzu kanagwetsedwa, mpingo n'kubalalika. Agogo sanapite nawo. Anapeza ntchito ya ulonda kwa bwana wina wa m'boma, pafupi ndi pomwe panali munda wawo wa mtedza, ndipo ine, poti mayi anali atamwalira, ndinkakhala nawo m'kanyumba ka antchito kuseri. Pa katundu yense wa m'mudzi, iwo anasankha kusenza limu. Pa makani, nkhalamba ija inalibe mnzake.

Obwera ku belulo tinali awiri: ine, chifukwa ndinalibe kothawira, ndi mayi Esinati, olera ana panyumba yoyandikana nafe, amene anabwera ndi mabwana awo kuchokera ku Zomba. Koma agogo ankalalikira mpaka thukuta kamukamu, ngati tadzaza bwalo la mpira.

"Agogo, mumavutikiranji kuimba belu anthu osabwera?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Iwe, chimanga chikamamera m'nthaka unayamba wachimvapo?" anatero. "Ufumu wa Mulungu suyamba ndi chigulu. Yanga ndi kumenya chitsulochi. Zinazo n'za Mwini wake."

Patapita miyezi, bwana anatopa nazo. Anawaitana agogo pakhonde, ine ndikumva.

"Madala, kuno si kumudzi. Lamulungu anthu amafuna kupuma. Chitsulo chimenecho chikadzaliranso, mudzalongedze katundu wanu, inu ndi mwana wanuyo."

Agogo anavula chipewa n'kungoti, "Ndamva, bwana." Ntchito ikanatha tikanalowera kuti? Mudzi wobwererako kunalibe. Sabata yonseyo ankangotola chakudya ngati wodwala.

Lamulungu litafika anavala jekete ija, n'kukaima pansi pa msuku, bawuti ili m'manja. Anayang'ana limu, kenako anayang'ana ine kwa nthawi yaitali. Bawuti ija anaibweza m'thumba, n'kukhala pansi. Aka kanali koyamba kuona misozi ya agogo, ndipo mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa ndinadziwa kuti belu latsekedwa pakamwa chifukwa cha ine.

Dzuwa litakwera pang'ono, tinamva "Odi!" pageti. Anali bambo wovala epuloni yoyera, wophika panyumba ina ya kumtunda, amene sitinkamudziwa n'komwe.

"Pepani, kodi kuno kwagwa zovuta? Belu silinalire."

Asanamalize, kunatulukira ena: osamalira maluwa matope ali m'miyendo, alonda maso ali psuu ndi tulo, amayi ochapa atamanga kale zitenje za pamaliro. Mayi Esinati anangogwira pakamwa. Anthu onsewo ankaganiza kuti mkulu woimba belu uja watisiya.

"Nanga inu ndinu ndani?" agogo anafunsa.

"Ndife anthu anu, abambo," anayankha wophika uja. "Lamulungu sitichoka pantchito. Koma belu lanu likalira, ine ndimasiya mbale n'kupemphera m'khitchini momwemo."

"Ine ndimagwada kuseri kwa maluwa," anatero wina. "Lero tangouza mabwana kuti kwagwa maliro."

"Ndiye malirowo ndine?" Agogo anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikadali m'masaya. Anaimirira, n'kukonza jekete, n'kundikodola ndi chigongono. "Wachiona chimanga chija?"

Ndinadzimva wamtali tsiku limenelo. Agogo anga, mlonda wosadziwa ndi Chingerezi chomwe, anali ndi mpingo m'makhitchini ndi m'minda ya maluwa ya Area 10 yonse, iwo eni osadziwa.

Bwana anatuluka pakhonde, n'kuona khamu lija, koma analibe powapezera chifukwa agogo, poti chitsulo sichinalire. Amuna awiri anamasula limu ija, ndipo tonse tinaiperekeza tikuimba mpaka kutchire komwe phula linkathera, kumene kunali kusanamangidwe mpanda uliwonse. Anaipachika kumeneko. Ntchito ya agogo sinathe, ndipo antchito aja anayamba kupempha kanthawi ka Lamulungu masana kuti azikumana.

Pamalopo lero pali tchalitchi cha njerwa zootcha, chokhala ndi zokuzira mawu, ndipo ana ambiri amayesa limu ili panjayo ndi chitsulo chotayidwa. Bawuti ija ili ndi ine. Kumene ndimakhala tsopano, kunja kwa mzinda, tikuyambitsa mpingo pansi pa mtengo, ndipo masiku ena amabwera anthu atatu okha. Tinapachikapo limu ya minibasi. Akandifunsa chomwe ndimavutikira, ndimangotulutsa bawuti ya agogo m'thumba, n'kumenya.