Telala Wongoyenda

Che Mwamadi, telala wa ku Mgona, anakhala pa makina osokera zaka zambiri moti mpando wawo unachita kukumbika. Chibwerereni kuchokera ku Mangochi, ulendo wawo unali wa kunyumba, kukhonde losokera ndi kumzikiti basi. Matelala timawadziwa ndi bodza la "mubwere mawa", koma iwo ayi. Akati Lachinayi, ndi Lachinayi.

Miyendo itayamba kutupa, adokotala anapeza matenda a shuga.

"Bambo, muziyenda tsiku lililonse. Apo ayi, mwendowu tidzadula."

"Ndiziyenda kupita kuti?"

"Kulikonse. Kungoyenda."

Masana ena anauyamba, kulowera ku Kanengo. Mpweya utawathera, anatsamira mpanda wa nyumba ina yosungira katundu. Mlonda anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuimba foni. Posakhalitsa galimoto ya apolisi inaima.

"Madala, mukupita kuti?"

"Palibe, bwana."

"Mukudikira ndani?"

"Palibe. Ndikungoyenda."

"Kuyenda mutaima? Kwerani."

Kupolisi anawauza kuti mlandu wawo ndi vakabu: kupezeka pamalo popanda chifukwa chomveka, ngati munthu wozonda poti abe. Che Mwamadi ankadziwa kuti vakabu ndi ya zidakwa ndi oyenda mumdima, koma apa dzuwa linali paliwombo! Mwana wawo Raisa anafika thukuta lili kamukamu, akuti anamva pa wailesi kuti khoti linathetsa lamulo limenelo.

"Anachotsa mbali imodzi, mayi, zina zilipo," anatero wapolisi. "Ambiri amangovomera kukhoti, kulipira chindapusa, n'kumapita."

"Ndivomere kuti ndatani?" anafunsa Che Mwamadi.

Apolisi anawatulutsa dzuwa litapendeka, ndi chenjezo loti asadzapezekenso akuyenda opanda chifukwa.

Mutu unawaima. Boma la kuchipatala likuti yendani, boma la kupolisi likuti musayende, nanga munthu amvere liti? Manyazi ndiye osanena, pakuti ku Mgona nkhani siigona. Anabwerera pampando wawo, osasunthanso, mpaka phazi linakana kulowa m'patapata.

Raisa sanafune zambiri. Anatenga buluku lina limene mwini wake sanabwerenso kudzatenga, nalisita, naliika pamkono pa bambo ake.

"Akakufunsani, munene kuti mukukapereka kwa kasitomala."

"Ndiname, ine?"

"Baba, mukufuna mwendo kapena ayi?"

Che Mwamadi anautenga msewu womwewo, buluku lili pamkono. Pafupi ndi njanji anakumana ndi wapolisi wina, mnyamata waulemu wake.

"Mwaswera bwanji, madala? Ulendo wa kuti?"

"Kukapereka bulukuli, bwana."

"Chabwino, yendani bwino."

Che Mwamadi anapitirira pang'onopang'ono, akupempha chikhululuko kwa Mulungu chapansipansi. Zinawawawa kwambiri. Tsiku limene ananena zoona anakwera galimoto ya apolisi, ndipo lero atanama awafunira ulendo wabwino.