Tepi ya Mlamu

Anthu akangoyamba kukambirana mu filimu, Chala ankagogoda benchi ndi rimoti, n'kudina batani lothamangitsa.

"Zokamba kunyumba!" ankatero.

Khalidwe limeneli sanalisiyepo, ndipo ndi limene linamupatsa dzina. Ine ndinkasoka nsapato pakhonde la chipinda chake choonetseramo kanema. Katani yapakhomo inali yong'ambika, choncho ndinkaona zonse.

M'chipindamo munali mabenchi, tivi pamwamba pa kabati, ndi deki ya matepi akuluakulu aja onga njerwa. Kwa Chala, filimu inali galimoto zothamangitsana, zibakera, ndi munthu wodumpha padenga. Mkazi akayamba kulira, kapena mkulu wa apolisi akakhala pansi kuti afotokoze nkhani, mizere yoyera inkadutsa pagalasi, anthu n'kumayenda ngati nyerere zothiridwa madzi otentha. Pochotsa chala, galimoto ili kale m'malere.

"Abwana, nanga ameneyu amuwombereranji?" wina ankafunsa.

"Ukamufunse kumanda. Filimu ndi mtsinje, si chithaphwi."

Oonerera ankatuluka thukuta lili kamukamu, ngati amathamanga ndi iwowo. Mawa lake ankabweranso.

Mkazi wake anamwalira iye atapita kutali kukagula matepi. Uthenga utamupeza anakwera basi nthawi yomweyo. Koma mlamu wake, mchimwene wa mkaziyo, wogulitsa matabwa, anati maliro sadikira munthu. Mayi awo anapempha kuti adikireko pang'ono. Mlamu anakana, ankafuna kukatsegula shopu. Chala anafika anthu akubwerera kumanda, mafosholo ali pamapewa. Nkhope ya mkazi wake sanaione, ndipo chithunzi chake analibe ngakhale chimodzi.

Sanatukwane munthu. Anangoti, "Mwafulumira, alamu."

Zaka zinapita. Mafilimu analowa m'mafoni, mabenchi anagwira fumbi. M'dera lonse, deki imene inatsala yamoyo inali ya Chala yokha.

Tsiku lina masana mlamu uja anatulukira, imvi zili mbuu, atanyamula kanthu kokulunga m'pulasitiki. Mayi ake anali atangomwalira kumene. Anandifunsa ngati mwini wake alimo. Ndinamulozera katani.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Ndaswera. Mwasochera kodi?"

"Ayi. Ndapeza tepi ya ukwati wanga m'sutikesi ya amayi. Tsiku limenelo anatilangiza, mawu awo ali mmenemu. Ndazungulira ponseponse, makina ngati anuwa kulibe. Ndingowamvako basi."

Chala anaitembenuza tepiyo, n'kuiuzira fumbi.

"Yachita chuku iyi. Ikadutsa kamodzi, sindikhulupirira kuti ingadutsenso."

"Kamodziko n'kokwanira."

"Khalani kutsogolo, alamu. Lero holo yonse ndi yanu."

Ndinaika pansi nsapato ndi singano, n'kusendera pafupi ndi katani.

Zithunzi zinabwera zotuwa koma zooneka. Galimoto zokongoletsedwa, anthu ovina, keke. Chala anazisiya ziyende. Mlamu anaseka ataona thalauza lake lotambalala kumiyendo.

"Taonani, ndinali mnyamata inetu!"

"Munali wachangu kuyambira kale," Chala anayankha.

Kenaka ovina anakhala pansi. Mayi wachikulire anaimirira, anthu n'kumupatsa maikolofoni. Mlamu anavula chipewa, n'kuweramira kutsogolo. Mayiyo anatsokomola pang'ono.

"Mwana wanga..."

Go, go, rimoti pabenchi.

"Zokamba kunyumba!"

Mizere yoyera inadutsa pankhope pa mayiyo. Mawu anazima. Milomo inkangophethira, manja akukupiza ngati nkhuku yodulidwa mutu.

"Alamu! Alamu, chonde! Ndi amayitu amenewo!"

"Tikuchedwa."

"Kuchedwa kupita kuti?"

"Filimu sidikira munthu, alamu."

Mlamu anafuna kulanda rimoti, koma mawondo ake anali atatha. Anagwera pakati pa mabenchi, n'kutsala chogwada pomwepo.

Ndipamene pambali pa mayiyo panatulukira mtsikana wovala diresi lachikasu. Ankawakonza mpango wakumutu, akuseka. Ndinamuzindikira ngakhale mizere inkamudula nkhope. Anali mkazi wa Chala, asanakwatiwe.

Nayenso Chala anamuona. Chala chake chinali chidakali pabatani. Akanangotukula chalacho pang'ono, nkhope imene anamumana kumanda ikanaima patsogolo pake bwinobwino. Koma mtsikanayo anali ataima phewa ndi phewa ndi mayi ake. Kumuona iye kunali kumupatsanso mlamu mawu amene anadzera.

"Mlongo wanga uyo!" mlamu anakuwa. "Mkazi wanu, alamu! Chotsani chala, tione tonse!"

Ine sindilowerera za eni. Koma tsiku limenelo ndinatsegula katani.

"Achimwene," ndinatero, "muoneni."

Sananditembenukire. Maso ake anali pa diresi lachikasu lija, likuthamanga uku ndi uku pagalasi. Misozi inatsika mpaka m'ndevu. Anagogodanso benchi, mwamphamvu, n'kukanikiza batani mpaka chikhadabo chinayera.

Deki inalira ngati mwana wagalu. Kenaka khwee, galasi lonse linasanduka labuluu.

Anatsegula kachitseko ka deki n'kukoka. Tepi inatuluka itatafunidwa, riboni yakuda ikulendewera ngati matumbo. Anaikulunga m'pulasitiki muja mosamala, n'kuipereka kwa mlamu ndi manja awiri.

"Yatha. Mwafika mochedwa."

Mlamu anadutsa pakhonde paja osandiona, riboni ina ikukwekwereka pansi.

Chala anakhalabe pabenchi lakutsogolo, akuyang'ana galasi lopanda kanthu. Dzuwa linapendeka, ine ndinalongedza nsapato zanga. Pochoka ndinasuzumira. Rimoti inali idakali m'manja mwake, chala chili pabatani, chikukanikizabe. Kuchokera tsiku limenelo, sindinamuonenso akulidina.