Tinafika ku Roma, koma m'tchalitchi sitinalowemo

Inu owerenga, ine ndine munthu amene pakamwa panga sipatuluka mawu oti ayi. Anthu amati ndine wamtima wabwino, ndipo kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira zimenezo. Lero ndikuvomera kuti anali mantha chabe, kuopa kunenedwa, ndipo manthawo analanda akazi anga chinthu chimene sindingathe kuwabwezera.

Timakhala ku Al Qusais kuno ku Dubai. Ine ndimayang'anira alonda panyumba ina yansanjika ku Marina, akazi anga ndi namwino. Mliri wa korona utafika povuta, iwo anaikidwa ku wodi ya odwala matendawa. Ankabwera kunyumba nkhope itadindika mizere ya masiki, n'kufikira kubafa tisanapatsane ndi moni womwe. M'kati mwa zimenezo mayi awo anamwalira ndi matenda omwewo kwathu ku Dedza. Ndege zinali zosadalirika, tchuthi chinakanika, moti maliro a mayi awo anawaonera pafoni, netiweki ikudukaduka. M'mawa mwake anavala yunifolomu n'kupita kuntchito.

Apongozi angawo anali Akatolika enieni, ndipo ankakonda kunena moseka kuti mwana wawo namwinoyu adzawatengera ku Roma akaone tchalitchi chachikulu chija asanafe. N'chifukwa chake chaka chitatsala pang'ono kukwana, akazi anga anandipempha chinthu chimodzi chokha. Anati tipite ku Roma masiku ochepa, tikaone malo akalekale ngati anthu ena onse, koma chachikulu akalowe m'tchalitchimo, akagwade, akawatsanzike mayi awo. Tsiku lokwana chaka linagwa Lamulungu. Tinavutikira viza, katemera tinabayitsa, mapepala tinadzaza mpaka kutopa, ndipo iwo anapatsidwa masiku asanu pambuyo pogwira ntchito zaka ziwiri osapuma.

Cholakwa changa chinayambira pa gulu la pafoni la anthu akwathu okhala kuno. Ndinalemba monyada kuti ife tikupita ku Italy, inshallah. Ola lisanathe, foni inali italira ngati ya ofesi yoyang'anira maulendo. Nonse amene mumakhala kunja mukudziwa, munthu wakwathu akangomva kuti ukukwera ndege, basi wasanduka basi ya katundu. Ambiri ndinawazemba, koma awiri anandigwira pakhosi. A Gondwe, achikulire amene anandipezera ntchito nditangofika, anati ali ndi mphwawo ku Roma ndipo ndimutengere ufa, nyemba ndi tiyi wakwathu. Winayo anali Amayi Tembo, a ku Zambia, amene ali ndi kashopu ka nsapato ku Naif. Iwowo sanapemphe n'komwe. Anangoti, "Imwe achimwene, munibweletseleko nsapato za chikumba, nizakutumilani mapikicha, khalas, nkhani yatha."

Akazi anga ataona matumba a ufa pabalaza anandifunsa ngati tikupita kutchuthi kapena kukagawa chithandizo. Ine ndinaseka. Ndinawatsimikizira kuti zonsezo ndi za theka la tsiku.

Tinafika Lachitatu madzulo, kukuzizira koopsa. Lachinayi m'mawa iwo anadzuka atavala kale, kolona m'manja, akuti tiyambire kutchalitchi poti n'chimene tabwerera. Ine ndinati tiyambe tatula katundu wa eni kuti mtima ukhale m'malo, tchalitchi sichithawa. Mawu amenewo ndimawamva mpaka lero. Mphwawo wa a Gondwe uja, amene ankati ali ku Roma, anali ku Roma mofanana ndi mmene munthu wa ku Mponela amanenera kuti amakhala ku Lilongwe. Tinakwera sitima ziwiri ndi basi, tinapitirira potsikira, ine ndikukoka sutikesi ya ufa m'misewu ya miyala, mateyala ake akulira ngati chigayo. Tinafika dzuwa litapendeka.

Ndiye mukudziwa kuti kwa munthu wakwathu sungangopereka phukusi pakhomo n'kutembenuka. Anali ataitana anzake onse kuti kwabwera alendo. Tinadzazana anthu asanu ndi anayi m'kachipinda kamodzi, mawindo otseka chifukwa cha chisanu. Mmodzi ankatsokomola, n'kumati ndi chimfine cha nyengo. Akazi anga sanavule masiki awo, ndipo chakudya anati adya kale. Ine ndinachita manyazi, ndinaona ngati tikuwanyoza eni nyumba. Ndinavula anga, ndipo ndinawakodola ndi chigongono kuti nawonso avule. Iwo sanavule. Tangoganizani, mlonda kuphunzitsa namwino wa ku wodi ya korona za masiki. Ndinadya, ndinaseka, ndinajambulitsa zithunzi zotumizira a Gondwe, ndipo tsiku linathera pomwepo.

Lachisanu linali la nsapato. Ndinaganiza kuti ndi nkhani yolowa m'sitolo n'kutuluka, koma Amayi Tembo ankafuna kuona nsapato iliyonse pa vidiyo. Ndiitembenuze, ndiipinde, ndiinunkhize ngati ndi chikopa chenicheni, kenako akuti iyayi, tiyeni shopu ina. Tinalowa masitolo osawerengeka. Bwalo lakale lija la miyala, limene anthu amachokera kutali kudzaliona, ife tinaliona pawindo la basi, ndipo ine sindinalione bwino chifukwa ndinali pafoni. Akasupe otchuka aja tinawadutsa chothamanga, mabokosi m'khwapa. Akazi anga ankayenda pambuyo panga atanyamula majumbo awiri. Masana anandikumbutsanso za kutchalitchi. Ndinawayankha mokalipa kuti asandipanikize, Lamulungu likadalipo, ndipo ndilo tsiku lenileni.

Loweruka m'mawa tinakayezetsa korona, poti popanda chikalata chosonyeza kuti ulibe matenda sukanakwera ndege yobwerera ku Dubai. Titatuluka, ndinalonjeza kuti tsiku lonse ndi lawo. Tisanafike ndi pakona pomwe, foni inalira. Amayi Tembo anali atasintha maganizo pa masaizi, akufuna mapeyala anayi akabwezedwe. Inu owerenga, apa ndi pamene munthu wanzeru akanathimitsa foni. Ine ndinati tingodutsirako, ndi panjira. Sipanali panjira. Mwini sitolo anakana, tinakangana m'zilankhulo ziwiri zosamvana, ndipo pamene tinkafika pabwalo lalikulu la patchalitchi paja kunali kutayamba kuda, alonda akubweza anthu pamzere.

Tinaima pamenepo, khomo tikuliona apo. Akazi anga anayang'ana nthawi yaitali, manja ali m'matumba a jekete. Ine, wopanda manyazi, ndinati palibe chaipa, mawa tilawirira, tidzakhala oyamba pamzere. Anatembenuka, tinabwerera kuhotelo.

Lamulungu m'mawa tikukonzeka, iwo atavala chitenje cha mayi awo pamwamba pa diresi, uthenga wa zotsatira unalowa pafoni. Iwo analibe matenda. Ine ndinali nawo. Kukhosi kunali kutayamba kale kukanda kuyambira dzulo lake, koma ndinkadzinamiza kuti ndi mphepo.

Ndinawachonderera kuti apite okha. Ndinati chikalata chawo n'choyera, palibe amene angawaletse pakhomo, akwere takisi akalowe. Ndinafika pogwada. Iwo anakhala pampando, n'kuyamba kumasula chitenje chija pang'onopang'ono.

"Abambo, ndagona chipinda chimodzi ndi inu masiku anayi," anatero. "M'tchalitchimo mwadzaza agogo a eni ake. Mayi anga anafa chifukwa wina analowa m'tchalitchi akudziwa kuti kunyumba kwake kuli wodwala. Ine sindingachite zimenezo."

Sanakweze mawu. Anapinda chitenjecho, anaimbira a pahotelo kuwauza zimene zachitika, ndipo anapempha chipinda china. Nthawi ya Misa mabelu a mzinda wonse anayamba kulira, ine ndili kuseri kwa khoma ndi mabokosi a nsapato za eni. Ndinkawamva akupemphera kolona okha, mawu akudukira pakati. Chiyambireni sindinadzidepo ngati tsiku limenelo.

Iwo anadzipatula masiku angapo, anayezetsanso, ndipo anabwerera ku Dubai okha, molunjika kuntchito. Ine ndinatsala masiku khumi m'kachipinda koyang'anizana ndi khoma la nyumba ina. Sindingalumbire kuti matendawo ndinawatengera kuti, koma patapita masiku ndinamva kuti anthu anayi a m'nyumba ija anadwalanso. Komabe sindikufuna kunamizira korona. Tinali ndi Lachinayi, Lachisanu ndi Loweruka, masiku atatu athunthu tili bwinobwino, tchalitchi chili chotsekula. Amene anawadya masiku amenewo ndi ine.

Nditabwerako, a Gondwe ananditumizira uthenga wa mawu awiri, shukran mphwanga, ndiye kuti zikomo. Amayi Tembo anatsegula mabokosi pakauntala, n'kunena kuti mtundu wa nsapato zina si umene unkaoneka pafoni, makasitomala awo sakonda zofiirira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa ngati akazi anga analowa m'tchalitchi muja. Sindikuwada ayi, chifukwa sankadziwa n'komwe chimene tinapitira. Sindinawauze. Pa gulu paja ndinangolemba za Italy, za apongozi anga sindinatchule. Chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina.

Kunyumba sitinakangane, ndipo zikanakhala bwino tikanakangana. Amandiphikira, timacheza, timapita kutchalitchi limodzi. Koma zithunzi za ulendowo sanazionetsepo munthu, ndipo wina akafunsa kuti ku Roma kunali bwanji amangoti kunkazizira. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwauza kuti ndikusunga masiku atchuthi, tidzapitanso, ulendo uno foni ndidzaisiya kunyumba. Anandithokoza mwaulemu, kenako anati tingapite ndithu kukaona malo, koma tsiku limene ankafuna lija linali limodzi ndipo linapita.

Inu owerenga, makamaka abambo anzanga amene muli kunja kuno, ndimvereni. Mukamakonza ulendo ndi akazi anu, tsekani pakamwa mpaka mutabwerako. Wina akakutumani, muuzeni poyera kuti ulendowu uli ndi mwini wake. Adzakwiya sabata imodzi, kenako adzapeza wina womutuma, chifukwa anthu otumidwa satha. Chimene mwapitira chichiteni tsiku loyamba, m'mawa, musanatsegule sutikesi. Ine ndinkaopa kuti anthu a ku Naif ndi ku Al Qusais adzati ndayamba kunyada. Munthu mmodzi yekha amene sindinamuope ndi amene anandipempha mofatsa, ndipo ndi yemweyo amene mpaka lero sanawatsanzike mayi ake.