Kukasaka khonde ku Chitakale

Tidanyamuka pa Chonde cha m'ma seveni m'mawa, ine ndi amalume anga a Jafali, omwe ndi telala. Kuyambira ndili wakhanda ankasokera pakhonde la sitolo imodzi, yomwe idali ya Mmwenye, kenako ya mwana wake, kenako ya mkulu wina wa golosale. Mwezi umenewo mwini watsopano adagwetsa khondelo kuti amange timashopu ta lendi, makina a amalume n'kukagona kuchipinda. Amalume atamva kuti ku Chitakale kwatsegulidwa sitolo yaikulu, ya aja okhala ndi nthambi m'matauni monse, adati ndiwaperekeze kukapempha malo.

Minibasi idatidula K2,000 aliyense. Tidakhala anayi pampando wa atatu, ine nditapanikizana ndi mayi wa dengu la nanazi. Atamva nkhani yathu adaseka.

"Kumeneko, bambo, ngakhale tomato sanenerera. Mtengo amamata papepala."

"Nanga moni amayankha?" adafunsa amalume.

"Amayankha ndi makina, kuti pii."

Njira yonse amalume ankandilozera masitolo akale ofufuta utoto. "Apa tinkagula nsalu pa yadi," adatero. "Wogulitsa ankadziwa ndi matenda a amayi ako omwe."

Tidatsika pasiteji ya Chitakale eyiti isanakwane, phiri litafunda mtambo, n'kugula chinangwa chokazinga kuti mitima ikhale pansi. Khonde lidalipodi, lalitali, la matailosi, koma lodzaza tingolo togulira katundu. Mlonda adati abwana ali pamsonkhano, tidikire.

Amalume sankayang'ana sitolo. Ankayang'ana miyendo ya mlondayo, yemwe buluku lake lidali lopinda kawiri n'kugwiritsa ndi mapini.

"Achimwene, buluku ili mudabwereka?"

"Ayi, ndi yunifolomu. Amatumiza kuchokera kulikulu, wamtali ndi wamfupi saizi imodzi."

Amalume adasolola singano m'chisoti chawo n'kugwada pomwepo. "Imani njo, musatekeseke."

Abwana adatuluka cha m'ma teni. Adali mayi wamng'ono kuposa ine, ndipo adapeza atsikana awiri olandira ndalama patilu ndi bambo wa kubutchala ali pamzere kudikira amalume, aliyense atagwira pomwe chovala chidamukulira. Adamvetsera pempho lathu mpaka kumapeto.

"Bambo, pepani," adatero. "Khonde ili si langa. Ngakhale msomali sindingakhome popanda kalata yochokera ku Blantyre."

Amalume adangoti, "Chabwino, mayi." Adayamba kukulunga ulusi wawo, ndipo ine ndidayang'ana kumbali. Kunyumba kudali anthu asanu odalira makina aja.

Mayi uja adayang'ana buluku la mlonda kwa kanthawi.

"Kuseriku kuli shedi. Si ya kampani, ndi ya eni malo, a Hajji okhala m'nyumba yobiriwirayo. Mukawauze kuti ndakutumani ndine." Kenako adatsitsa mawu: "Mukabwera, muyambe ndi siketi yangayi. M'chiunomu timakwana awiri."

A Hajji adavomera tiyi asanazizire. Tisanabwerere, amalume adalowa m'sitolo muja kukagula sopo, n'kupereka moni kwa aliyense, mpaka kwa chidole chovala diresi pakhomo.

Tidafika pa Chonde dzuwa litapendeka. M'njira ndinkaganiza kuti masitolo asintha eni, asintha maina, asintha ndi magulidwe omwe. Koma kulikulu kuja sanayezebe mwendo wa munthu, ndipo mpaka adzatero, amalume anga sagona ndi njala.