Ulendo wa a Chikoti wa ku Likoma

Kwa Nsaru kuno ukafunsa munthu wodziwa dziko, aliyense akulozera kwa aphunzitsi a Levison Chikoti. Anaphunzitsa Sitandade 7 zaka makumi atatu, ndipo ine ndine mmodzi wa ana amene tinamva za mabwinja a miyala a ku Zimbabwe mpaka kumawalota. Chilumba cha Zanzibar ankachifotokoza ngati kuti anakwatira kumeneko. Koma zoona zake n'zakuti bambowa anali asanapitirirepo tauni ya Lilongwe. Nyanja ankangoiona pa mapu awo akale omatamata ndi selotepi.

Zimenezi sizinkawaletsa kulangiza anzawo. Ukangoti ukupita ku Namitete kukaona wodwala, iwo ayala kale mapu pamkeka, akukuuza mayiko amene ungafike utapanda kutsika minibasi. Nthawi zina ankanditopetsa, ndisaname.

Mu 1998, atapuma pantchito, anaima pabwalo la tchalitchi anthu akutuluka m'mapemphero n'kulengeza kuti akupita ku chilumba cha Likoma. Akazi awo, mai Anesi, anawapatsa masiku khumi okha, chifukwa nthawi yofesa nazale ya fodya inali itayandikira, komanso bondo la aphunzitsi linali litayamba kuvuta. Sitima ya pamadzi inkaima pa Nkhotakota kamodzi pa sabata, Loweruka. Akaiphonya, ndiye kuti chilumba achiphonya basi.

Chimwemwe chake ndiye chinali chosasimbika. Anagula chipewa cha mlaza ndi magalasi akuda. Ankakwera ngolo ya ng'ombe ataimirira, osagwira paliponse, ati akuzolowera mafunde. Ana ankawathamangira pambuyo, iwo akubayibitsa ngati anyamuka kale.

Cholakwa chawo chinali kulengeza kuja. Pa esiteti yoyandikana nafe pali matenanti ochokera m'maboma ena, ndipo masiku amenewo kunalibe mafoni a m'manja. Munthu wa paulendo ndiye anali positi. Anayamba kubwera mmodzimmodzi. Wina ndi wailesi ya mchimwene wake ku Dowa, wina ndi kathumba ka mtedza ka azakhali ake ku Ntchisi, wina mabulangete awiri. Aliyense ankamaliza ndi mawu amodzimodzi, akuti poti ndi panjira pomwepo. Womaliza anali Triza, mayi wa ana atatu wosakonda zolankhula, amene anagwada pakhomo n'kupereka chitenje ndi kalata zopita kwa mayi ake, kumudzi wa kuseri kwa mapiri a ku Nkhotakota.

Ine ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti akane, ulendowu ndi wawo, si lole yonyamula katundu. Anandiseka. Anati mkulu wa mpingo ngati iwo sabweza munthu wogwada, ndiponso pa mapu midzi yonseyo inali pa mzere umodzi, kutalikirana kwake sikuposa chikhadabo. Ananyamuka Lachiwiri, chipewa kumutu, mitolo isanu ndi umodzi pa denga la basi.

Zotsatirazi anatisimbira okha atabwera. Chikhadabo cha pa mapu chija chinapezeka kuti ndi maola anayi a pansi, kukwera ndi kutsika. Ku Dowa anawaphera nkhuku, ndipo mlendo wophedwera nkhuku sachoka isanapse. Ku Ntchisi anawakweza panjinga n'kuwazungulitsa mudzi wonse kuti aliyense aone munthu wochokera ku esiteti. Anavinitsidwa pa ukwati wa anthu osawadziwa. Anaoloka mtsinje atasenzedwa kumsana, magalasi akuda ali kumaso. Ndipo paliponse pamene atula mtolo umodzi, ankawapatsa iwiri yoti abwerere nayo.

Kwawo kwa Triza anafika Lachisanu masana. Mayi akewo anali okalamba, maso atachita khungu pang'ono, ndipo panali patatha zaka zisanu ndi ziwiri asanamve chilichonse cha mwana wawo. Atamva dzina lake anagwira dzanja la aphunzitsi osalisiyanso. Kalata ija aphunzitsi anawawerengera katatu. Kenaka mayiwo anayamba mafunso: kodi wanenepa, kodi ana akufanana ndi ndani, kodi amasekabe motseka pakamwa ndi dzanja.

Loweruka m'mawa aphunzitsi anamanga katundu wawo. Akanayenda nthawi yomweyo akanaipeza sitima. Koma mayi aja anati:

“Aphunzitsi, muiwerengenso kamodzi abale ake amve. Kenaka mundilembereko yankho, ine sindidziwa kulemba.”

Iwo akuti anayang'ana wotchi, anayang'ana mayiwo, n'kukhala pansi pa mpando wa ndalema. Yankholo linadzaza masamba anayi.

Pagombe anafika dzuwa lili paliwombo, ndipo sitima anaiona ndithu, ili kutali, ikungofuka utsi.

Anabwerera kuno ndi mitolo khumi ndi umodzi, nkhuku ziwiri zamoyo ndi bondo lotupa. Ndinapita kukawapepesa, mawu anga a “ndinanena ine” ndili nawo okonzeka. Ndinawapeza akuseka pakhonde, akulemba ndi pensulo timadontho pa mapu aja, mayina a midzi imene ojambula mapu anaisiya. Ndinawafunsa ngati sizikuwapweteka.

“Zikupweteka, mwana wanga,” anatero. “Ndinakhala pamchenga n'kulira, nkhuku ili kukhwapa.”

Tili chikhalire, Triza anafika n'kugwada pamalo pomwe paja. Nayenso sadziwa kuwerenga; kalata yake ija anachita kulembetsa. Aphunzitsi anavula magalasi akuda, navala owerengera, n'kutambasula masamba anayi aja. Anawerenga mpaka kumapeto. Triza anaseka atatseka pakamwa ndi dzanja, misozi ikutsika, n'kupempha kuti abwerezenso.

Bondo lija silinawalolenso kuyenda ulendo wautali. Lero mwana wa sukulu akawafunsa za Likoma, amayankha kuti sakudziwa, sanafikeko. Koma usayerekeze kuwafunsa njira ya kwawo kwa Triza ngati uli ndi changu.