Malegeni Anga ndi Chingwe cha a Mzee

Nditagwira ntchito miyezi isanu ku ofesi yathu ya ku Nairobi, abwana anandiitana n'kundiuza kuti pa madalaivala atatu amene tinali nawo, chaka chotsatira titsala ndi awiri. Woyang'anira maulendo ndinali ine, choncho kalata yonena amene atsale inayenera kuchokera m'manja mwanga. Anzanga mu ofesimo anali atagamula kale mlanduwo m'makhonde. Wochoka anali a Mzee.

Tonse tinkawaitana choncho, dzina la Chiswahili lolemekezera munthu wachikulire, ngakhale abwana amene. Anali bambo wamfupi, wa imvi za m'mbali, wokhala ku Kangemi, ndipo ankabwera wapansi m'mawa uliwonse nsapato zili phuliphuli ngakhale kunja kuli matope. Galimoto sanagunditsepo, fungo la mowa sanamvekepo. Mlandu wawo unali umodzi, kuchedwa kunyamuka. Madalaivala enawo ankaponya katundu pa kaliyala wa padenga, lamba uku lamba uko, mphindi khumi galimoto yatuluka pa geti. A Mzee ankatha mphindi makumi anayi ali padenga, akanyamukanso ankaima m'njira kawiri kapena katatu. Anthu ankafika ku misonkhano mochedwa, nkhope zili ndwii. Aliyense ankadziwanso kuti pa msinkhu wawowo, akachoka kwathu palibe bungwe lina likanawalemba ntchito.

Ine ndine munthu wa phuma, ndivomere. Ndinakulira ku Ntcheu, kumene ndinkapalasa njinga ndi matumba awiri a mbatatesi kupita nawo ku msika, ndiye za kamangidwe ka katundu sindinkafuna wina andiphunzitse. Kwathu timamanga ndi malegeni, mphira zija timadula ku chubu chakutha cha galimoto. Ukakoka legeni, n'kuzunguliza katatu, n'kulowetsa nsonga pansi, thumba silisuntha mpaka ku Lizulu. Ndinali nawo anayi kunyumba kwanga ku Embakasi, amene ndinamangira masutikesi pochoka kumudzi, ndipo paulendo uliwonse ndinkawaponya m'chikwama.

Kalata ija ndinali nditailemba kale m'mutu. Koma kuti chikumbumtima chisandivute, ndinati ndiyende ndi a Mzee ulendo umodzi ndidzionere ndekha. Chifukwa chake sindinawauze. Tinali ndi ulendo wopita ku mjigo wina kuseri kwa Kajiado, kukasiya mapanelo anayi a sola ndi pampu yake.

Ndinafika pa ofesi sikisi koloko m'mawa, n'kupeza katundu yense atamuyala pa simenti ngati pa msika: mapanelo, pampu, zigubu ziwiri za madzi, tayala lachiwiri la sipeya, fosholo, lona. A Mzee anali ataima chete akumuyang'ana, manja kumbuyo.

"Habari ya asubuhi, Mzee," ndinawapatsa moni wa m'mawa m'Chiswahili. "Tinyamuka nthawi yanji?"

"Tikamaliza, bwana," anayankha osatembenuka.

Ndinatsamira khoma, mtima ukuwira, n'kumaonerera. Pampu ndi zigubu za madzi anazilowetsa mkati mwa galimoto, pansi penipeni kuseri kwa mipando. Nditafunsa kuti bwanji osakweza zigubuzo pamwamba poti malo alipo, anati cholemera chikakwera padenga galimoto imayenda ngati woledzera pa kona. Padengapo anayala bulangete lakale, n'kugoneka mapanelo limodzilimodzi, katoni pakati pa lililonse. Paliponse pamene lamba ankadutsa pa ngodya, ankapindapo kachidutswa ka katoni kuti lambayo asalume galasi komanso chitsulo chisadye lambayo. Lamba aliyense ankamupotoza kamodzi asanamukoke, ati lamba wosapotoza amaimba ndi mphepo tsiku lonse mpaka kudzimasula. Lona anayamba kuipinda kutsogolo, n'kuilowetsa pansi pa katundu kuti mphepo isapeze polowera. Nsonga zonse zolendewera anazikulunga n'kuzimanga, osasiya ngakhale imodzi.

Atatsika anagwira katunduyo ndi manja awiri n'kumugwedeza ndi mphamvu zawo zonse. Galimoto yonse inagwedezeka pa matayala ake, koma padenga panalibe chosuntha pachokha. Apo m'pamene anapukuta manja. Ngakhale ndinali nditapsa mtima, ndinaona kuti ntchitoyo inali yokongola.

Nthawi yomweyo ndinakumbukira bokosi la zida zoyezera madzi limene ndinalisiya pakhomo pa ofesi. Zida zimenezo tinachita kubwereka, ndipo munali timabotolo tagalasi ndi kamakina kamodzi kosalira kugwa. Mkati mwa galimoto munali mutadzaza.

"Dikirani pang'ono, bwana, ndisunthe za mkatimu lilowe," anatero a Mzee.

Ndinadziwa kuti "pang'ono" wawo ndi mphindi zina khumi ndi zisanu. Mwamwayi wanga, mlonda anawaitana kuti akasaine pepala lotulutsira galimoto. Atangokhota, ndinakwera padenga ndi bokosilo, n'kuliika kumbuyo kwa mapanelo, n'kutulutsa malegeni anga. Kukoka, kuzunguliza, kulowetsa nsonga. Mphindi zitatu sizinakwane. Ndinatsika ndikudzimva kuti mlendo wabwera ndi kalumo kakuthwa.

A Mzee pobwera anayang'ana m'mwamba, n'kukwera pa tayala la kumbuyo, n'kukoka legeni limodzi ndi chala.

"Hii ni blada?"

"Kwathu timati legeni. Silikhumudwitsa limeneli."

"Sawa, bwana," anavomera, n'kuliza galimoto.

Tinalimbana ndi mdipiti wa magalimoto pa Mombasa Road, ndipo titangofika ku Kitengela, msewu utayamba kumasuka, iwo anapatuka n'kuima. Ndinafunsa mokalipa ngati china chawonongeka. Anati ayi, koma katundu akayenda pang'ono amatsendereka ngati ufa m'thumba, ndiye malamba amafuna kuwakokanso. Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko, n'kupita pa kakiyosiki kukagula chai ndi mandazi kuti ndisawalankhule mawu oipa. Pobwera ndinawapeza atakhala kale pa chiwongolero. Pamene phula linathera anaimanso, n'kuzungulira galimoto akugwira lamba aliyense. Ulendo uno sindinatsike n'komwe.

Msewu wafumbi wa kumeneko ndi wokumbika mizeremizere ngati lata, ndipo umagwedeza munthu mpaka mano kuwombana. Dzuwa linali litakwera, kunja kukutentha ngati m'chigayo. Titayenda pafupifupi ola limodzi, ndinamva kuti phwa! padenga. Ndisanafunse, phwa! kachiwiri, ndipo kamphira kakuda kanayamba kumenya galasi la mbali yanga. Ndinalizindikira legeni langa. Ndinaona m'maganizo timabotolo tija titamwazika mu fumbi, ndi ine ndikufotokoza kwa eni ake kuti ndinamanga zida zawo ngati mbatatesi.

"Imani! Imani, Mzee!"

Sanaponde buleki mwadzidzidzi ngati mmene ndikanachitira ine. Anachepetsa liwiro pang'onopang'ono mpaka galimoto inaima yokha. Ndinakwera padenga. Pa malegeni anayi, atatu anali ataduka, onse pamalo pamene ankakhudza chitsulo cha kaliyala. Koma bokosi linali pomwe ndinaliika. Pamwamba pake panali kachingwe kabuluu, kodutsa mopingasa kawiri, kokoka nganganga, ndi mfundo imene sindinaionepo chibadwire. Pa ngodya iliyonse panali kachidutswa ka katoni.

Ndinakhala pansi padenga pomwepo, kukamwa kuli yasa.

"Munamanga liti chingwechi?"

"Ku Kitengela, muli ku chai."

"Bwanji simunandiuze kuti malegeniwa aduka?"

Anachotsa chipewa n'kupukuta thukuta. "Munamanga ndi mtima wonse, bwana. Ndipo blada si yoipa, inenso ndinkamangira pa baisikeli. Koma imatamuka. Msewu uno katundu amadumpha, blada n'kumakhula pa chitsulo chotentha. Ndikanakuuzani pa geti paja mukanakana, tikanangoyambana."

Zinali zoona, ndikanakana. Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti malegeni anga sanawachotse. Anawasiya momwemo n'kungodutsitsa chingwe chawo pamwamba, kuti ngati apirira ulemu ukhale wanga, ngati aduka bokosi lisagwe. Ndinachita manyazi, komanso ndinawakonda bambo amene aja nthawi yomweyo.

Ku mjigo tinafika masana. Amisiri amene ankatidikira anatsitsa mapanelo onse anayi opanda ndi kamng'alu komwe, ndipo mmodzi anati ulendo wathawo linafika limodzi losweka, mudzi n'kudikira madzi miyezi ina iwiri. Sanatchule amene anabweretsa, inenso sindinafunse. Ndinayeza madzi anga, zida zonse zikugwira ntchito.

Pobwerera, dzuwa litapendeka, ndinalephera kuugwira mtima.

"Mzee, mukudziwa chimene ndabwerera paulendo uno?"

"Ndikudziwa, bwana. Mlonda anandiuza sabata zitatu zapitazo. Ofesi yonse ikudziwa."

"Ndiye bwanji simunafulumireko lero lokha? Munaona kuti ndikuwerenga mphindi."

Anazemba kaye dzenje, n'kusintha giya, kenako anati, "Ndikanafulumira lero, mukanasunga munthu wina, osati ine. Mawa ndikanayambanso kuchedwa, inu n'kumati ndinakunamizani."



Kalatayo ndinailemba tsiku lotsatira. Ndinanena kuti a Mzee atsale, ndipo aliyense wopita kutali azibweretsa katundu wake dzulo lake kuti nthawi yomanga isamadye nthawi ya ulendo. Abwana anawerenga kawiri n'kundifunsa ngati ndakonzeka kuyankha madandaulo a anzanga. Ndinati aziwatumiza kwa ine. Mmodzi wa madalaivala enawo abwana anamupezera malo ku bungwe lina, ndipo kumuuza nkhaniyo sikunandikomere ngakhale pang'ono.

A Mzee ndinakawauza Lachisanu m'mawa. Ndinawapeza ali padenga la galimoto, lamba ali m'manja, akukonzekera ulendo wina.

"Mzee, abwana asaina. Mukutsala."

Ndinkayembekezera kuti angoti sawa n'kupitiriza kukoka. Koma anasiya lambayo ali lende, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita, n'kutsika pang'onopang'ono, n'kukhala pa bampala ya kumbuyo.

"Mayi kunyumba sindinawauze chilichonse," anatero motsitsa mawu. "Sabata zitatu akhala akundifunsa kuti bwanji sindikudya."

Ndinakhala nawo pa bampalapo. Amene ankapita paulendowo anatulukira pakhomo n'kuyamba kuloza wotchi yake, ine n'kumuuza ndi dzanja kuti abwerere mkati akadikire.