Anayamba ndi Kukhala Wodwala

Inu amene mwakanidwa kwinakwake n'kuyamba kudziona ngati otsalira, tamverani za Tawina.

Tsiku lomwe sukulu ya udokotala inamukana kachiwiri, Tawina ankakolopa bafa mu hotela ina ku Dubai. Uthenga unabwera pafoni, mizere iwiri yokha. Anakhala pansi pomwepo, magolovesi ali m'manja, n'kulira mpaka mnzake anagogoda: "Yalla, fulumira, zipinda zatsala zinayi!"

Patapita miyezi, yunivesite ina ya ku Dubai komweko inamupatsa malo aulere, koma m'maphunziro a zisudzo, chifukwa cha mpikisano wa zisudzo womwe anapambana ali Fomu 3 ku Balaka. Mlangizi wa ophunzira anamuuza kuti akhoza kuwonjezerapo bayoloje, kemisitiri ndi fizikisi, n'kudzayesanso za udokotala akamaliza digiriyo.

A Rodrick, malume ake a Tawina, omwe amalondera nyumba ku Al Furjan mumzinda womwewo, anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe Tawina, zisudzo? Mayi ako ndikawauze kuti mwana wawo akuphunzira kukomoka monama? Khalas, basi, gwira ntchito yakoyo."

"Malume, mwayi womwe wapezeka ndi womwewu. Ndiyambira pomwepa."

Sizinali zamasewera ayi. M'mawa ku labu, masana kuloweza mawu a sewero, kenako basi ya ku Satwa komwe ankagona asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi. Chaka chachiwiri kemisitiri inamugwetsa, anabwereza. Anzake a sayansi ankamutcha dokotala wa pasiteji, ndipo zinkamupweteka, tisanamizane.

Ndiye panali ganyu yomwe ophunzira zisudzo ankapatsidwa, yokakhala odwala ongoyerekeza kuti ophunzira udokotala aziphunzirirapo. Tawina anagona pabedi la ganyuyo zaka zitatu, lero mayi wa shuga, mawa mtsikana wa mutu waching'alang'ala. Ali chigonere choncho anaona zomwe mabuku ake sankanena. Wophunzira wina ankamufunsa mafunso maso ali papepala. Wina ankangomugwira pamimba ndi manja ozizira, osapempha n'komwe. Owerengeka okha ndi omwe ankakoka mpando n'kukhala pansi. Ngakhale sankadwala, mtima wake unkadziwa yemwe angamuuze zoona ndi yemwe angamubisire.

Atamaliza digiri anayesanso kachitatu. Malo anali ochepa, ndipo anali atalumbira kuti akamukananso, basi, azisiya. Pa intaviyu anamulowetsa m'chipinda momwe munali bambo wina, nayenso wongoyerekeza, ngati wantchito wochokera dziko lina wokana kuyezedwa magazi. Anamupatsa mphindi zisanu ndi zitatu, mayi woyesa ali pakona ndi cholembera.

Ubwino woyezetsa Tawina ankaudziwa wonse pamutu, ndipo pakamwa pankamuyabwa kuti aulakatule. Koma anakoka mpando.

"Bambo, chikukuopsani n'chiyani?"

Bamboyo anayang'ana kumbali. Mphindi zinkapita, koma Tawina sanaonjezere mawu. Pasiteji anaphunzira kudikira mnzake mpaka alankhule.

"Akandipeza ndi matenda andibweza kwathu," bamboyo anatero pomaliza. "Ana anga adya chiyani?"

Tawina sanamunamize kuti zonse zikhala bwino. Anayamba ndi za anawo, kenako za zomwe matenda obisidwa amachita kwa bambo yemwe ana akumudalira. Belu lisanalire, bamboyo anapinda mkono wa malaya kuti amutenge magazi.

Mayi woyesa uja anaika cholembera pansi. "Zimenezi munaziphunzira kuti?"

"Pabedi la odwala, madamu. Ndagonapo zaka zitatu."

Anamutenga. Pano ali chaka chachiwiri cha udokotala, ndipo kemisitiri ikumutuluzabe thukuta.

Kaya mukuphunzira mbiri yakale, nyimbo kapena zilankhulo pomwe mtima uli ku chipatala, musadzione ngati mwasochera. Sayansi yomwe akufunayo iwerengeni mwakhama, osaizemba, ndipo chinacho musachite nacho manyazi. Wodwala yemwe mudzakumane naye ndi munthu wamantha, wofuna womumvetsera. Osataya mtima, abale anga.